Mkuyu wa pa Malire ku Zipori

Ine ntchito yanga ndi kusadza mitengo.
Malamulo sindinawerenge.
Ndimangowamva akatsikira m'manja mwanga,
kulemera kwake ngati kwa nkhwangwa.

Mkuyuwo ndi wa Shapira, wamasiye wa woumba nyale.
Unabzalidwa apongozi ake asanamere ndevu,
ndipo tsopano wapendekera kummawa,
wayala mthunzi pa munda wa Sekundino,
msilikali wopuma, wa bondo limodzi louma,
yemwe anapatsidwa malowo
atagubira Kaisara zaka makumi awiri ndi zisanu.
Balere wa mumthunzimo amamera wachikasu, wonyozoloka.

Aroma amayeza kuchokera pansi:
mapazi khumi ndi asanu,
nthambi za m'munsimo zigwe,
za pamwamba zisiyireni mphepo.
Phazi la yani? ndinafunsa kalaliki wa kubwalo.
Anatulutsa kachitsulo kopinda m'thumba mwake,
phazi lopanda mwini, losalaswapo ndi minga.

Arabi amayeza ndi ng'ombe.
Amati wolima akakweza ndodo yotosera,
isakodwe m'masamba. Dula mpaka pamenepo.
Koma mkuyu, amatero, ndi nkhani ina,
mthunzi wake ndi wolemera:
tsitsa chingwe cha mmisiri pa malire, mwala kunsonga,
ndipo chilichonse chodutsa chingwecho,
ngakhale chili pafupi ndi mitambo, chigwe.

Ndiye tamvani.
Shapira, yemwe sasonkha moto pa Sabata,
yemwe vinyo wa akunja sanamulawepo,
anamanga buledi pansalu,
masiku awiri pabulu mpaka ku Kaisareya,
kukapempha mapazi khumi ndi asanu a Aroma.
Sekundino, wolumbira pa milungu ya gulu lake lankhondo,
anakwera chotsimphina kumsika wakumtunda,
nakhala pa benchi la ophunzira, mawondo pachibwano,
nafunsa kudzera mwa kamnyamata kodziwa Chigiriki:
za chingwe zija, aphunzitsi, tabwerezaniko.

Akuti rabiyo anakanda ndevu nthawi yaitali.
Kenako anati, ndidzaweruza
onse awiri akabwera ndi miyendo yawo,
popanda wowakoka.
Ku Kaisareya nako anati bwanamkubwa ali paulendo,
mubwere zokolola zikatha,
ndi chikalata, ndi mboni,
ndi kangachepe ka wolemba.

Chilimwe chonse makwerero anga atsamira pa tsinde.
Poti manja sakhala chabe,
ndinakwera ndi kampeni kukatema nkhuyu pakhungu,
imodziimodzi, kuti zipse msanga.
Kumwambako ndinafunafuna malire, sindinawaone.
Ndinaona chisa cha njiwa pa nthambi
yomwe Roma akanaisiya, rabi akanaigwetsa,
ndi nyerere zikuwoloka kuchokera kwa Myuda kupita kwa wakunja
popanda womasulira.

Nkhuyu zapsa tsopano, zikugwa mbali zonse ziwiri.
Za zogwazo akuti malamulo onse ali nawonso mawu,
koma ine ndatopa kufunsa.

Dzulo madzulo ndinawapeza.
Sekundino ali khale mumthunzi womwe akuusumirawo,
bondo louma lija atalitambasula pa balere wakufa,
ndevu zili nyata ndi madzi a nkhuyu.
Shapira kuseri kwa mpanda wamiyala, manja m'chiuno,
akuwerenga mokweza iliyonse yolowa m'kamwa,
m'Chiaramu, kenako m'Chigiriki chake chothyokathyoka
kuti mwini wake amve bwino.

Khumi ndi zinayi! anakuwa.
Iye anayang'ana m'mwamba, m'masamba,
nafufuza m'udzu ndi zala,
natola ina.

Palibe wandilipira.
Nkhwangwa ndaipaka mafuta, ndaikulunga m'chiguduli.
Mawa ndili ndi azitona a munthu wina ku Kana,
mitengo yoima pakati pa munda,
kutali ndi mpanda uliwonse.